Gasi ali pompa ku Mozambique, nanga bwanji kudzazitsa silinda mu Blantyre kukudula chonchi?

Bambo a Tadala, Chilomoni

Abale, ndithandizeni kumvetsa. Timamva kuti anzathu a ku Mozambique ali ndi gasi wochuluka moti sitima zikumabwera kudzamunyamula kupita naye kutsidya kwa nyanja. Ku Tanzania nakonso akupangira magetsi gasi wa ku Mtwara. Ife tili pakati pa mayiko awiriwa, koma kudzazitsa silinda ya makilogalamu 9 mu Limbe muno kumafuna kuti munthu uyambe wadzifunsa ngati kunyumba kuli ufa, ndipo nthawi zina umafika pamalo odzazitsira n'kupeza gasi mulibe. Anthu ambiri ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Mbayani akadali pa makala, mapiri atha kumetedwa.

Kodi gasi wa ku Mozambique uja ndi yemweyu timaphikirayu? Akatuluka pansi amamutani asanafike kwa wogula, ndipo ndalama zambiri zimalowa pati? Nanga chovuta n'chiyani kuti paipi ichoke kumeneko kudzafika ku Makata kuno? Amene mukuidziwa ntchitoyi tifotokozereni mwatsatanetsatane, ndi manambala omwe.

Injiniya wa ku Chirimba

Bambo a Tadala, gasi amene akutuluka m'zitsime za ku Mozambique si amene ali mu silinda yanuyo. Wa m'chitsime gawo lake lalikulu ndi methane. Wa mu silinda, amene timati LPG, ndi propane wosakaniza ndi butane. Propane amasanduka madzimadzi mukangomupanikiza pa mabar (muyezo wa pulesha) 8 kapena 9 pa kutentha kwa m'nyumba, butane pa mabar awiri okha, n'chifukwa chake silinda yoti munthu amainyamula paphewa imasunga gasi wophikira masabata angapo. Methane salola zimenezo. Ngati sanazizire kufika madigiri 83 kunsi kwa ziro, ngakhale mumupanikize bwanji sasanduka madzi. Ndiye mumamutumiza pa paipi, kapena kumuziziritsa mpaka madigiri 162 kunsi kwa ziro kuti asanduke madzimadzi otchedwa LNG, pamene malo amene amatenga amachepa ka 600, kapena kumupanikiza pa mabar 200 mpaka 250 m'masilinda olemera kwambiri, amene ndi CNG. Njira zonsezi n'zodula.

Pakamwa pa chitsime pamatuluka zosakanikirana: gasi, madzi amchere, mchenga, mafuta opyapyala otchedwa condensate, carbon dioxide, ndipo m'zitsime zina hydrogen sulphide ndi mercury. Zonsezi zimayamba zalowa mu thanki yolekanitsira. Liwiro likachepa m'menemo madzi amakhala pansi, condensate pakati, gasi pamwamba. Condensate amamutenthetsa kuti gasi wotsalira achokemo, kenako amamugulitsa pamtengo woyandikira wa mafuta osayenga.

Chotsatira ndi kuchotsa mipweya ya asidi. Gasi amalowa kunsi kwa nsanja yayitali yachitsulo n'kumakwera, pamene mankhwala a amine osungunula m'madzi akutsika kuchokera pamwamba. Amine amagwira carbon dioxide ndi hydrogen sulphide. Akadzaza amapita mu nsanja ina kukawiritsidwa pa madigiri pafupifupi 120, amataya zimene anagwira, n'kubwereranso pa ntchito. Hydrogen sulphide si wosewera naye. Akachepa amamveka fungo la mazira owola, akafika magawo 100 pa miliyoni mphuno imasiya kumumva, akapitirira 700 munthu amagwa pomwepo. Gasi wa m'paipi kawirikawiri saloledwa kukhala naye kuposa magawo 4 pa miliyoni. Kumene ndi wambiri amamusandutsa sulufule wachikasu n'kumugulitsa kwa opanga asidi. Chimene chimavutitsa kwambiri pagawoli ndi thovu. Condensate kapena tizidutswa ta dzimbiri tikalowa mu amine, nsanja imadzaza thovu, mankhwala amauluka pamodzi ndi gasi, gasi n'kutuluka asanayere. Wogula amatseka valavu yake, fakitale n'kuyamba kungowotcha gasi m'mwamba mpaka zinthu zitakhazikika.

Kenako madzi. Gasi wonyowa akakhala pa pulesha yayikulu, methane ndi madzi zimagwirana n'kupanga zibuma zolimba zotchedwa hydrate, ngakhale kunja kusanazizire kufika poundanitsa madzi. Pa madigiri 15 pamwamba pa ziro zimapangika ndithu. Chibuma chotere chimatseka paipi, ndipo mukachotsa pulesha mbali imodzi yokha chimathamanga n'kukaboola pamene paipi yapindika. M'mapaipi ochokera kuzitsime amathiramo methanol kapena glycol kuti zisapangike. Pa fakitale amaumitsa gasi ndi glycol wamtundu wina, amene amamuwiritsa pa madigiri pafupifupi 200 kuti madzi achoke. Woyendetsa makina akangopitiriza pang'ono, kudutsa 206, glycol amayamba kuwonongeka n'kusanduka asidi wodya chitsulo. Ngati gasi akupita kukaziziritsidwa kwambiri glycol sakwanira. Amamudutsitsa m'mathanki a timibulu toyamwa madzi mpaka madzi atatsika pansi pa gawo limodzi pa miliyoni, ndipo pa LNG carbon dioxide nayenso ayenera kutsika pansi pa magawo 50 pa miliyoni, apo ayi amaundana n'kutseka timipata ta makina oziziritsira. Mercury amachotsedwa ngakhale akhale wochepa chotani, chifukwa makina oziziritsira ndi a aluminiyamu ndipo mercury amadya aluminiyamu. Makampani anaphunzira zimenezi movutikira ku Skikda, ku Algeria, mu 1973.

Tsopano ndi pamene gasi wanu wophikira amatulukira. Gasi woyera ndi wouma amamudutsitsa mu makina amene amamutsitsa pulesha mwadzidzidzi uku akuzunguza tabaini. Amazizira mpaka madigiri 85 kapena 100 kunsi kwa ziro. Ethane, propane, butane ndi zina zolemera zimasanduka madzimadzi, methane amatsala ali mpweya n'kupita kukapanikizidwanso kuti alowe m'paipi. Zamadzimadzi zija amazilekanitsa monga amatchezera kachasu: chimene chimawira msanga ndicho chimayamba kutuluka pamwamba. Nsanja yoyamba imachotsa methane wotsalira, yachiwiri ethane, yachitatu propane amene amawira pa madigiri 42 kunsi kwa ziro, yachinayi butane amene amawira cha pa ziro. Ethane akatsalira wambiri mu LPG pulesha ya mu silinda imakwera kuposa muyezo. Zolemera zikatsalira, silinda imasiya kuyaka koma mukaigwedeza mukumva madzi pansi. Pomaliza amathiramo mankhwala onunkha otchedwa mercaptan, chifukwa gasi mwa iye yekha sanunkha.

Pa LPG wa dziko lonse lapansi, pafupifupi magawo 60 pa 100 amachokera m'mafakitale oyeretsa gasi ngati awa, wotsalayo m'mafakitale oyenga mafuta. Koma kuchuluka kwake kumadalira chitsime. Gasi wa ku Rovuma, kumpoto kwa Mozambique, ndi wa methane wochuluka zedi, propane ndi butane n'zochepa. Dziko likhoza kukhala ndi gasi wodzaza sitima chaka chonse koma n'kumaitanitsabe wophikira kunja, ndipo Mozambique yakhala ikutero kwa zaka zambiri.

NaBanda, Namiwawa

Zikomo a Injiniya. Ine ndionjezere za ndalama, chifukwa funso la paipi likuyankhidwa ndi ndalama osati makina.

Gasi wa ku Pande, ku Mozambique, anapezeka mu 1961. Gasi wa m'dera la Pande ndi Temane anayamba kugulitsidwa wochuluka mu 2004. Wa ku Songo Songo ku Tanzania anapezeka mu 1974, anayambanso kugulitsidwa mu 2004. Ku Mozambique nkhondo inachedwetsa zinthu, inde, koma chachikulu chimene chinkasowa ndi wogula. Pande ndi Temane zinadzuka pamene Sasol inafuna gasi wa mafakitale ake ku South Africa, ndipo paipi ya makilomita 865 inamangidwa kuchoka ku Temane kukafika ku Secunda. Mafuta mumatha kuwathira mu thanki n'kukasaka msika mawa. Gasi ayi. Ndalama zonse, za zitsime, za fakitale ndi za paipi, zimatuluka musanagulitse ngakhale pang'ono, ndipo mabanki sabwereketsa asanaone mgwirizano wa zaka 15 kapena 20 umene wogula walonjeza kuti azilipira kaya watenga gasiyo kaya sanatenge.

Sitima yopanga LNG ya Coral Sul, imene inatumiza katundu woyamba mu November 2022, imatha kupanga matani 3.4 miliyoni pachaka, ndipo BP inasainira kugula wonsewo kwa zaka 20 sitimayo isanamangidwe n'komwe. Ntchito ya LNG ya kampani ya TotalEnergies ku Afungi, kumpoto kwa Mozambique, ndi ya madola pafupifupi mabiliyoni 20, ndipo inaima mu April 2021 zigawenga zitaukira tawuni ya Palma. Ngongole ngati imeneyo imabwezedwa ndi madola, choncho gasi amapita kwa amene ali ndi madola komanso mbiri yolipira pa nthawi yake. Woyandikana naye nyumba sapatsidwa mtengo wachibale. Wogulitsa amatenga mtengo wa ku Ulaya kapena ku Asia, amachotsapo za sitima ndi za kuziziritsa, chotsalacho ndiye poyambira kukambirana. Kuziziritsako kokha kumadya magawo 8 mpaka 10 pa 100 a gasi wolowa mu fakitale.

Tiwerengere paipi ya ku Blantyre. Kuchoka ku Temane kufika kuno ndi makilomita oposa 600 mutawongola chingwe, ndipo pali Zambezi woti muwoloke. Paipi ya Mtwara kupita ku Dar es Salaam, ya makilomita oposa 500, pamodzi ndi mafakitale ake oyeretsera gasi, inadya pafupifupi madola 1.2 biliyoni ndipo inatsegulidwa mu 2015. Tingoyerekeza kuti yathu yadya biliyoni imodzi ndipo eni ndalama akufuna magawo 10 pa 100 pachaka. Ndi madola 100 miliyoni chaka chilichonse, gasi asanagulidwe. Gasi amagulitsidwa pa muyezo wa MMBtu, umene kutentha kwake n'kofanana ndi makilogalamu 21 a LPG. Malo opangira magetsi a mamegawati 300, akamagwira ntchito magawo 70 pa 100 a chaka, amatulutsa mayunitsi pafupifupi 1.8 biliyoni ndipo amadya ma MMBtu pafupifupi 14 miliyoni. Gawani: paipi yokha ikudya madola 7 pa MMBtu, kapena masenti 5 ndi theka a dola pa yuniti iliyonse ya magetsi. Ku America mu 2023 gasi weniweniyo ankagulidwa pansi pa madola atatu pa MMBtu. Ndipo mamegawati 300 amenewo ndi pafupifupi theka la magetsi onse amene dziko lino lingapange.

Wina anena kuti tiike paipi yaing'ono. Imatsikako mtengo, koma osati molingana ndi kuchepa kwa gasi, chifukwa kukumba ngalande, kulipira eni minda, kuwoloka mitsinje ndi kulondera n'chimodzimodzi.

Makhitchini okha sangainyamule paipiyo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda wa Blantyre. Titati mabanja 200,000 aliyense akuphikira makilogalamu 12 pamwezi, ndi matani 28,800 pachaka, ofanana ndi ma MMBtu 1.4 miliyoni, gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene malo a magetsi aja angadye. Ndipo simunakumbe n'komwe timapaipi tolowa nyumba ndi nyumba m'tinjira ta ku Ndirande.

Maganizo anga ndi akuti gasi wa ku Mozambique abwere kuno pa waya. Awotchedwe komweko pafupi ndi chitsime, monga pa malo opangira magetsi a mamegawati 450 a ku Temane, magetsi n'kudzera pa nthambo ya makilovolti 400 yochoka ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya ku Balaka, imene ndi ya makilomita 218. Titaona mmene Kapichira anazimira chifukwa cha namondwe Ana mu January 2022, mamegawati 130 n'kusowa kwa nthawi yoposa chaka, kukhala ndi gwero lina losadalira mtsinje wa Shire si nkhani yozengereza. Koma magetsi amenewonso bilu yake imabwera m'madola.

Bambo a Tadala, Chilomoni

Ndamva, mayi. Ndiye za paipi tiziike pambali. Nanga gasi wa mu silindayu akuchokera kuti, ndipo pa ndalama imene timalipira, n'chiyani chikudya yambiri? Komanso kusowa kuja kumayamba bwanji?

Wa ku Makata

Bambo, LPG yense amene tikuphikira muno ndi wochokera kunja, ndipo amabwera pamsewu. Mtengo wake umayambira pa umene Saudi Aramco imalengeza mwezi ndi mwezi wa propane ndi butane, umene ogulitsa a kuno kum'mawa kwa Africa amautsatira. Umavina kwambiri: mu April 2022 propane anafika madola 940 pa tani, mu July 2023 anatsika kufika 400. Kawirikawiri umakwera mayiko a kumpoto akalowa m'nyengo yozizira, chifukwa kumeneko amawothera gasi yemweyu.

Pamwamba pake pamabwera za sitima, za padoko ndi za mathanki osungira. Thanki ya LPG si ya dizilo. Iyenera kupirira pulesha, chitsulo chake n'chochindikala, ndipo simuidzaza kupitirira magawo 80 kapena 85 pa 100 chifukwa dzuwa likaomba gasi wamadziyo amafufuma. Lita imodzi ya LPG imalemera kupitirira pang'ono theka la kilogalamu. Zotsatira zake, thiraki yaikulu imanyamula matani 20 mpaka 24 okha, ndipo pobwerera imayenda yopanda kanthu, chifukwa mu thanki ya gasi simungaikemo nandolo kapena tiyi.

Onani mtunda. Kuchoka ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe ndi makilomita oposa 1,800. Kuchoka ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi oposa 1,700, zipata zitatu. Kuchoka ku Beira ndi cha m'ma 800. Tingoyerekeza kuti thiraki ikudya madola awiri pa kilomita, zonse pamodzi, ndipo yanyamula matani 22. Ulendo wa ku Dar es Salaam, kupita ndi kubwera, ndi madola 7,200, kutanthauza pafupifupi 330 pa tani. Wa ku Beira ndi 3,200, pafupifupi 145 pa tani. Mwezi umene gasi watsika mtengo pa msika wa kunja, mayendedwe a njira yayitali amatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa gasi weniweniyo. N'chifukwa chake mukamva kuti kunja mitengo yagwa, kuno simuona kusintha kwenikweni. Thiraki ikagona masiku pachipata podikira mapepala, ndalama imeneyonso imakathera mu silinda yanu.

Kusowa kumayamba ndi ndalama zakunja. Woitanitsa amagula m'madola koma amagulitsa m'makwacha, pamtengo umene sungapitirire umene MERA, bungwe loyang'anira mitengo ya mafuta, gasi ndi magetsi, yaika. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Madola akasowa ku banki, kapena mtengo wololedwa ukatsalira m'mbuyo mwa zimene akulipira kunja, woitanitsa amachepetsa mathiraki. Popeza mathanki osungira gasi m'dziko muno ndi aang'ono, kuchedwa kwa mathiraki ochepa chabe kumaonekera msanga pamalo odzazitsira.

Pali ndalama inanso imene anthu saiona, ya masilinda. Kumene amasinthanitsa yopanda kanthu ndi yodzaza, banja limodzi limafuna masilinda oposa imodzi: ina ili kukhitchini, ina ili pa shopu, ina ili pa ulendo kapena ikuyezedwa. Chitsulo chonsecho chinagulidwa ndi madola ndipo chimabweza ndalama pang'onopang'ono.

Chimene chingatsitse mtengo ndi kufupikitsa njira ndi kukulitsa mathanki. Fakitale ya Sasol ku Inhassoro, pafupi ndi Temane, inakonzedwa kuti izitulutsa matani 30,000 a LPG pachaka. Onani kuti ndi pafupifupi ofanana ndi amene a NaBanda awerengera Blantyre yokha, ndipo Mozambique nayo ili ndi makhitchini ake, ndiye tisaike mtima wonse pamenepo. Matani 28,800 aja ndi mathiraki pafupifupi anayi tsiku lililonse chaka chonse. Gasi akafika pochuluka chonchi njanji ya ku Nacala ndiyo ingayankhe, koma pafunika malo otsitsira LPG padoko, mabogi a pulesha, ndi mathanki aakulu m'mbali mwa njanji kuno.

Achimwene a ku Lunzu

Ndikugwirizana ndi a NaBanda pa paipi, koma pali gasi wina amene timagula wambiri osadziwa kuti ndi gasi. Ndi feteleza wa Urea. Methane amamuphatikiza ndi nthunzi pa madigiri oposa 800 kuti atulutse hydrogen, hydrogen amamulumikiza ndi nitrogen wa mumlengalenga n'kupanga ammonia, ammonia ndi carbon dioxide n'kupanga Urea, amene magawo 46 pa 100 ndi nitrogen. Tani imodzi ya Urea imafuna pafupifupi makilogalamu 580 a ammonia, ndipo yonse imadya ma MMBtu oposa pang'ono 20. Ndiye thumba limodzi la makilogalamu 50 muli gasi wa pafupifupi MMBtu imodzi. Gasi akakhala pa madola atatu, ndi madola atatu pa thumba. Akafika pa 30, ndi 30 pa thumba, lisanakwere sitima. Mu August 2022 mtengo wa gasi ku Ulaya unadutsa mayuro 300 pa megawatt-hour, mafakitale ambiri a ammonia kumeneko anachepetsa kapena kuimitsa ntchito, ndipo mlimi wa ku Lirangwe anazimva m'thumba mwake.

Anthu ena amati fakitale ya feteleza ndiyo ikhale wogula wamkulu wa paipi yathu. Sizigwira. Mafakitale a masiku ano amapindula akamapanga matani oposa miliyoni imodzi pachaka. Ya Dangote ku Lagos, imene inatsegulidwa mu 2022, ndi ya matani 3 miliyoni. Urea amene Malawi amagwiritsa ntchito ndi wochepa kutali ndi pamenepo, ndiye wotsalayo tikanamubwezeranso kudoko komwe gasi wachokera. Chanzeru n'chakuti fakitale ikhale kugombe pafupi ndi gasi, matumba azibwera pa njanji. Urea ndi wouma, safuna pulesha kapena kuzizira, ndipo amasungika mu shedi wamba. Ngati boma lathu lili ndi choti likambirane ndi Maputo pa nkhani ya gasi, ine ndikanaika feteleza patsogolo.

Za gasi wathuwathu wa m'nyanja: ziphaso zofufuzira zinaperekedwa, monga cha kampani ya Surestream mu 2011, koma palibe chitsime chimene chatsimikizira gasi woti n'kugulitsa. Ngakhale atapezeka, funso la wogula wa zaka 20 lidzakhalapobe.

Injiniya wa ku Chirimba

Zoona achimwene. Ndingoonjezera za LNG wa pa thiraki, popeza amatchulidwatchulidwa ngati njira yachidule. N'zotheka kwa fakitale yaikulu imene ikuwotcha dizilo kapena mafuta olemera m'maboila ake usana ndi usiku. Koma thanki yake ndi ya makoma awiri opanda mpweya pakati, ndipo ngakhale itetezedwe bwanji kutentha kumalowabe, LNG n'kumawira pang'onopang'ono, pulesha n'kumakwera. Thiraki ikakhalitsa pachipata valavu yotetezera imatseguka n'kutaya katundu m'mlengalenga. Pofika pamafunikanso thanki yozizira ndi makina osandutsira LNG kukhala mpweya. Si za pakhomo. CNG ndiye chitsulo chimalemera kwambiri kuposa gasi amene chanyamula, moti mtunda ukatalika mukungolipirira kuyendetsa chitsulo.

Mayi a Chisomo, Zingwangwa

Bambo a Tadala, mtengo wa padoko simungausinthe, koma mukhoza kudziwa ngati gasi akukupindulirani. Kilogalamu imodzi ya LPG ili ndi mphamvu ya mamegajoule 46, ndipo pa sitovu yabwino oposa pang'ono theka amalowa mu poto, tinene 25. Kilogalamu ya makala ili ndi pafupifupi 29, koma pa mbaula wamba olowa mu poto ndi cha m'ma 7. Choncho kilogalamu imodzi ya gasi ikufanana ndi makilogalamu atatu ndi theka a makala, kapena mayunitsi pafupifupi 10 a magetsi pa hotiplate. Ikani pa sikelo timajumbo ta makala timene mumagula pamsika, chulukitsani mtengo wa kilogalamu ka 3.5, yerekezani ndi wa gasi. Ogula makala pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku nthawi zambiri amalipira zambiri kuposa mmene amaganizira. Chimene chimawatsekereza ndi ndalama yoyambira ya silinda, regulator ndi sitovu, komanso kuti gasi amafuna ndalama ya pakamodzi.

Podzazitsa, onani nambala imene yadindidwa pa khosi la silinda pafupi ndi zilembo TW. Kumeneko ndi kulemera kwa silinda yopanda kanthu. Onjezerani makilogalamu amene mwalipira, ndipo sikelo iwonetse chimodzimodzi inu mukuona. Musalole kuti akuikireni wopitirira muyezo ngati banyira. Silinda yodzaza mpaka pakamwa ilibe malo oti gasi afufumire ikatenthedwa.

Kunyumba silinda iime chilili nthawi zonse. Ikagona, wamadzi ndiye amalowa mu regulator, moto n'kubuka. Masitovu a pakhomo amafuna regulator ya pulesha yotsika, ya 2.8 kPa. Ya pulesha yokwera ndi ya mbaula zazikulu za chipisi, ndipo pa sitovu wamba imakankha moto kuuchotsa pa bena. Paipi ya labala ikhale ya gasi, osati ya madzi, yomangidwa ndi makilampu mbali zonse, ndipo ikayamba ming'alu isinthidwe. Poyesa ngati pakutuluka gasi pakani thovu la sopo polumikizira, osati machesi. LPG ndi wolemera kuposa mpweya, amayenda pansi n'kukhazikika m'makona ndi m'ngalande, ndipo akangofika magawo awiri pa 100 a mpweya wa m'chipinda amayaka. Mukamva fungo tsekani valavu, tsegulani chitseko, musakhudze switchi ya magetsi.

Moto wachikasu wodetsa mapoto ndiye kuti mpweya sukulowa mokwanira. Tsukani timabowo ta bena ndi polowera mpweya, chifukwa pamenepo mukutaya gasi. A malesitilanti mu Limbe amadandaula m'miyezi ya June ndi July kuti silinda ikuchita thukuta, moto n'kufooka gasi akadalimo. Si gasi wabodza ayi. Wamadzi uja kuti asanduke mpweya amakoka kutentha kudzera m'chitsulo cha silinda, ndiye mabena anayi akamakoka pa silinda imodzi kunja kuli chiperoni, imazizira, propane amayamba kutha, butane wotsalayo n'kulephera kuwira. Musaiwothetse moto kapena kuithira madzi otentha. Lumikizani masilinda awiri a makilogalamu 48 pa paipi imodzi kuti azigawana ntchito, ndipo akhale panja pa khitchini, pamthunzi podutsa mphepo.